Mapiri Amene Ndinasalaza ndi Pensulo

Ndinabwera ku Amereka kudzaphunzira uinjiniya, ndipo ndinauphunziradi kwa zaka ziwiri ndi theka. Kenako ine ndi koleji tinagwirizana zosiyana mwamtendere. Kolejiyo ndi imene inayamba kutchula maganizowo, m'kalata, ine ndinangovomereza. Kumudzi sindinalembeko za nkhaniyi chifukwa makalata a pandege aja anali aang'ono, ukamamaliza kupereka moni kwa aliyense malo amakhala atatha. Choncho bambo anga ku Dedza anapitiriza kuuza anthu a kumpingo kuti mwana wawo ndi injiniya ku Washington, ine n'kupitiriza kuwalemekeza posawatsutsa.

Ntchito ndinaipeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pa kakampani kena ku Bethesda, pafupi ndi Washington, kuseri kwa galaja yokonzera magalimoto. Tinalipo anthu ochepa, ndipo tonse tinkatumikira chinthu chimodzi: chombo chachikasu, chooneka ngati chipika cha mtengo wosadulidwa bwino chimene wina anachipaka penti, choyenda pansi pa nyanja chopanda munthu m'kati. Chaka chilichonse, nyengo yozizira ikamapita kumapeto, ankachiika m'bokosi n'kupita nacho kumpoto kwenikweni kwa dziko, kumene nyanja inaundana pamwamba. Kumeneko ankaboola dzenje pa ayezi, n'kuchitsitsira m'madzi, n'kuchitaya. Chinkayenda chokha mumdima kwa maola angapo, chopanda chingwe, kenako n'kubwerera potsata kulira kwa kachipangizo kamene ankakalendewetsa padzenjepo. Chikanapanda kubwerera, kakampani kathu kakanangotsala ndi bokosi. Chachiwiri tinalibe.

Ntchito ya chombocho inali kuyeza kunsi kwa madzi oundanawo. Ine poyamba ndinkaganiza kuti kunsiko n'kosalala ngati pansi pa tebulo, koma ayi. Zigawo za ayezi zikagundana zimathyoka n'kukankhirana pansi, ndiye kumakhala mapiri ozondoka, nsonga zake zikuloza kuya. Chombocho chinkatumiza phokoso m'mwamba n'kumvetsera kubwerera kwake, ndipo zimene chamva chinkazisunga pa tepi.

Kumpotoko ine sindinapiteko. Nyanja yanga inali m'kachipinda kopanda windo, pafupi ndi chimbudzi. Matepi akabwera, makina ena ankawotcha mzere wakuda pa mipukutu ya mapepala, mzere wokwera ndi kutsika wosonyeza mapiri aja, ndipo chipinda chonse chinkanunkha ngati tsitsi lopsa. Ine ndinkatambasula mpukutu, n'kuyeza mzerewo ndi rula pang'onopang'ono, n'kumalemba manambala m'timabokosi ta pafomu. Mafomuwo ankapita kwa anthu a kompyuta. Amene ankagwira ntchitoyi ndisanabwere anandiphunzitsa m'mawa umodzi wokha, maso ali pa wotchi, chifukwa ankasamukira kutali. Chimene ndinagwira pa zonse ananena ndi chakuti kabokosi kalikonse kakhale ndi nambala yake.

Vuto linali lakuti nthawi zina mzerewo unkaduka. Ukuyenda bwinobwino, kenako pepala loyera, danga ngati chikhatho, penapake ngati mkono, ndiyeno n'kuyambiranso. Ine ndinaphunzira pa sukulu ya mishoni kumene mphunzitsi wa masamu ankakwapula kamodzi ukalemba yankho lolakwa, koma katatu ukasiya malo osalembapo kanthu. Kwa iwo malo osalembapo unali mwano. Dzanja langa linakula likudziwa zimenezo. Ndiye ndikapeza danga ndinkatenga pensulo n'kulumikiza nsonga ziwirizo, n'kuyeza mzere wanga womwewo, n'kudzaza timabokosi. Sindinkalumikiza mwaulesi ayi. Ndinkaupinda pang'ono mzerewo kuti uzioneka ngati wachilengedwe. Ndinkanyadira luso limeneli.

Kufunsa sindinafunse. Pofunsira ntchito ndinali nditanena kuti ndinatsala pang'ono kumaliza uinjiniya, ndipo munthu amene anatsala pang'ono kumaliza uinjiniya sangagogode pa chitseko cha bwana kukafunsa za pepala loyera. Ndinachita zimenezi zaka zitatu.

M'chaka chachitatucho chilolezo changa chokhalira m'dzikoli chinali choti chitha mu Juni. Loya wina, amene ofesi yake inali pamwamba pa shopu yochapira zovala, anandiuza kuti njira ilipo imodzi: abwana anga asaine kalata yonena kuti ndine wosamala pa ntchito, wodalirika, ndiponso kuti munthu ngati ine sapezeka wamba. Kalatayo ikafika nthawi yake isanathe, ndikhala mwaufulu. Ikapanda kufika, ndiye kapena kubwerera ku Dedza wopanda digiri kukaima pamaso pa mpingo wonse, kapena kukhala kuno ngati khoswe wa m'denga. Loyayo analemba yekha kalatayo. Nditaiwerenga ndinamulakalaka munthu amene ankamufotokozayo.

Woti asaine anali mayi amene ankatsogolera kafukufuku yense. Tinkangowatcha Adokotala. Anali aafupi, a imvi zometa, osakonda mawu ambiri, ndipo nkhomaliro yawo inali apulo mmodzi amene ankamudya ataimirira. Kalatayo anailandira Lolemba lina kumayambiriro kwa Malichi.

"Sabata ino tikutseka chombo," anatero. "Mubwere Lachisanu, ndidzasaina."

Lachiwiri masana mmisiri wamkulu analowa m'kachipinda kanga kudzabwereka chosongolera pensulo. Anali mzungu wandevu, wa manja amafuta nthawi zonse, ndipo ndi iye amene ankapita ndi chombocho kumpoto. Patebulo panali mpukutu wotambasula, ndipo pakati pake panali danga lalitali limene ndinali ndisanalikonze. Anaikapo chala.

"Apa ndiye chinathawa," anatero.

"Chinathawa chiyani?"

"Phiri. Chikamva kuti kutsogolo kuli phiri lalikulu chimaweramitsa mphuno n'kumira. Chikapendekeka choncho khutu lake la m'mwamba limaloza kwina, silimva kanthu, ndiye pepala limangoyera. Danga likatalika chonchi, dziwa kuti phirilo linali tate wa mapiri."

"N'zoona," ndinatero, ndi mawu a injiniya.

"N'chifukwa chake pamalo oterewa umalembapo manaini atatu aja, 999, kuti kompyuta idziwe kuti apa sitikudziwa."

"Manaini aja," ndinatero.

"Mwayi wake kumene tikupitaku n'kosalala. Manambala ako akutero, zaka zitatu zonse. Chaka chino Adokotala akufuna chiyende pafupi kwambiri ndi ayezi kuti chizimva bwino. Chikakhala pafupi choncho sichingakhale ndi mpata wothawa, koma chithawa chiyani poti kulibe kanthu?" Anapemerera nsonga ya pensulo yake. "Ndasintha kale kuya kwake m'kati. Titseka Lachinayi, ndipo tikatseka tatseka. Kumpoto sititsegula, mphira zimauma ndi kuzizira."

Anatuluka ndi chosongolera changa. Sanabweze mpaka lero.

Ndinakhala pansi n'kuganiza mofatsa, monga amachitira anthu ophunzira. Paliponse pamene panali phiri loopsa, ine ndinali nditajambulapo kachitunda kofatsa. Ndinali nditasalaza nyanja ya kumpoto ndi pensulo, ndili pafupi ndi chimbudzi ku Bethesda. Ndi anthu ochepa amene anachitapo zazikulu chotero asanakwanitse zaka makumi atatu.

Masiku amenewo ndinkachita lendi chipinda chapansi ku Lanham, m'nyumba ya bambo wina wa ku Zambia, wobadwira ku Chipata koma wokulira ku Lusaka. Ankayendetsa galimoto ku ofesi ina ya kazembe mu msewu wa Massachusetts. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri, ndiye ndinkawatcha amdala. Iwo ankanditcha ba Injiniya, chifukwa ndi okhawo amene ankadziwa kuti sindine. Madzulo amenewo nditatsika sitima yachiwiri ndi basi, ndinawapeza akusita malaya a mawa. Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera osaimitsa ayironi.

"Manje vuto ili pati?" anafunsa.

"Chombo chikagunda, amdala."

"Kalata asaina liti?"

"Lachisanu."

"Chombo atseka liti?"

"Lachinayi."

"Ndiye imwe mukumbukire pa Mande. Munthu akumbukira tsiku yamene wakumbukira."

"Lolemba chidzakhala chili mu ndege."

"Chiyende bwino. Muli munthu mukati?"

"Mulibe."

"Chili na bana?"

"Chilibe."

"Chili na atate ku Dedza amene anauza mpingo wonse ati ni injiniya?"

 Anatembenuza malayawo n'kuyamba kolala.

"Ba Injiniya, mvelani. Ine nayendetsa akazembe atatu. Nikaona kuti nagunditsa galimoto kumbuyo, sinikamba pamene bwana agwira bolopeni kusaina tchuthi changa. Nikamba nikabwerako. Si boza iyo, ni kudziwa chabe nthawi. Imwe a ku Malawi vuto yanu mufuna kulapa musanagwidwe."

"Nanga chikatayika?"

"Azapanga china. Aba anthu anapita kumwezi."

Ndinaona kuti malangizowo anali anzeru, ndipo ndinawalandira ndi manja awiri.

Lachitatu ndinafika pantchito ndili ndi cholinga chimodzi, chosanena kanthu, ndipo ndinachikwanitsa. Koma danga lija linali likadali patebulo, ndipo dzanja linakana kulilumikiza. Kulemba manaini nakonso ndinaopa, chifukwa manaini oyamba m'zaka zitatu akanadabwitsa anthu a kompyuta. Ndinangokhala n'kumaliyang'ana. Chakumasana ndinagwetsa labala, ndipo powerama kuti nditole ndinaona kabuku kamene kanali pansi pa mwendo waufupi wa tebulo langa kuyambira tsiku limene ndinafika. Ndinakasolola. Kanali kabuku ka malangizo a ntchito yanga. Za manaini zinali pa tsamba lachiwiri, zolembedwa m'zilembo zazikulu. Ndinakabwezera pamalo pake, chifukwa tebulo linayamba kugwedera.

Ndikuweruka ndinakumana ndi Adokotala m'khonde.

"Lachisanu sindinaiwale," anatero. "Loya wanu wakulembani ngati mngelo." Kenako anandionetsa mapu amene anali pakhoma la ofesi yawo, dera lonse la kumpoto lija atalipaka mtundu wosonyeza kusalala. "Chaka chatha kumsonkhano ena ananditsutsa, akuti sizingatheke. Ndinawauza kuti manambala ndili nawo, owerengedwa ndi dzanja, kabokosi ndi kabokosi."

Anamwetulira. Kanali koyamba kuwaona mano.

Lachinayi m'mawa ndinadutsa kumalo okonzerako chombo. Chinali chitagona pa timiyendo take tachitsulo, chogawika pakati. Wandevu uja ankapaka mafuta pa mphira yozungulira, pang'onopang'ono ngati akusambitsa khanda. Kenako analumikiza zigawo ziwirizo n'kuyamba kumanga mabawuti, limodzi uku, lina mbali inayo.

Ndikanakonda kulemba kuti chikumbumtima chinandigwira pakhosi. Zoona zake n'zakuti ndinali nditatopa. Ndinali nditanyamula kale nkhani ya koleji ija zaka zambiri, kuisamalira m'kalata iliyonse yopita kumudzi, kukumbukira zimene ndinanena chaka chatha kuti zigwirizane ndi za chaka chino. Kuwonjezerapo ina yoti ndiziisamalira tsiku lililonse kuyambira eyiti mpaka faifi, mphamvu zake ndinalibe. Komanso wandevuyo anandiuzapo kuti pa ulendo wonse wa kumpoto chowawa si kuzizira ayi, koma kugwada padzenje paja utavala zomvetsera m'makutu, nthawi yobwerera itakwana, m'madzi muli zii. Ndinamuona m'maganizo atagwada choncho mpaka mawondo kuuma, ine ndili ku Bethesda ndi kalata yanga yosainidwa, ndikudikira foni. Kudikira kumeneko n'kumene kunandikanika.

Ndinatenga mpukutu umodzi wakale n'kukagogoda kwa Adokotala. Ndinautambasula pa desiki yawo n'kuloza mzere wa pensulo pakati pa mizere iwiri yowotcha.

"Uwu ndi wanga," ndinatero.

Anavala magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Apa panali danga?"

"Inde."

"Munalembapo manaini?"

"Ndinalembapo zimene rula inandiuza."

Anasuntha pepalalo mpaka anapeza mzere wina wa pensulo, kenako winanso.

"Mipukutu ingati?"

"Yonse."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku langa lachiwiri."

"Nanga loyamba?"

"Ndinkasongola mapensulo."

Sanaseke, ndipo sindinayembekezere kuti aseka. Anatsatira mzere wanga ndi chala.

"Mwaujambula bwino."

"Zikomo."

"Sindikukuyamikirani. Ndikunena chifukwa chake sindinauone." Anavula magalasi. "Bwanji simunafunse?"

"Ndinali nditakuuzani kuti ndinatsala pang'ono kukhala injiniya."

"Pang'ono bwanji?"

"Chaka ndi theka. Ndi masamu."

Anayang'ana mapu a pakhoma aja, kenako anadzuka n'kutuluka. Ndinawatsatira chapatali. Anakaima pafupi ndi wandevu n'kumuuza kuti amasule, abwezere kuya kwa chaka chatha, awonjezerenso. Iye anayang'ana mabawuti amene anali atamanga kale, n'kuyang'ana Adokotala, n'kuyang'ana ine ndi mpukutu wanga kukhwapa. Ananena mawu amodzi a Chingerezi amene sanali m'mabuku a ku mishoni, n'kutembenuza sipanala.

Tsiku lonselo palibe anandilankhula. Ndinadikira kuti andithamangitsa, ndipo ndinaika kapu yanga m'chikwama kuti ndisadzachite kubwerera. Faifi inakwana, ndinaweruka ngati wina aliyense.

"Mwakamba?" anafunsa amdala nditangolowa.

"Ndanena."

"Pa Chinayi." Anapukusa mutu. "Tsiku imodzi chabe, ba Injiniya. Mulungu anakupatsani tsiku imodzi yokhala zii, mwaibweza."

Lachisanu ndinapita ku ofesi ya Adokotala pa nthawi imene anandiuza, chifukwa palibe amene anali atanena kuti ndisapite. Kalata inali pa desiki. Anaiwerenga mokweza, chiganizo chimodzi chokha, chija chonena kuti ndine wosamala ndi wodalirika pa ntchito yofuna kulondola. Pakamwa pawo chinamveka ngati chigamulo cha khoti.

"Izi sindingasaine," anatero. "Lero si zoona."

"Ndamva."

"Simunachotsedwe ntchito. Ndinu nokha amene mukudziwa pamene pali pensulo. Mubwereze mipukutu yonse, mufufute zanu, mulembe manaini. Mukamaliza mubwere nayo kalatayi."

"Chilolezo changa chitha mu Juni."

"Ndikudziwa. Ndiye yambani lero."

Ndinayamba tsiku lomwelo. Ntchito ya zaka zitatu siibwerezeka m'miyezi itatu, ngakhale utamafika pa sitima yoyamba n'kumadya uli pa tebulo. Ndinayesa. Ndinatha malabala ambiri moti mayi wogula zinthu za mu ofesi anandifunsa ngati ndikuwatumiza kwathu. Nyenyeswa zake zinkalowa m'malaya, m'tiyi, m'makutu. Chala chapakati chinachita thuza, thuzalo n'kusanduka chikopa. Paliponse pamene ndafufuta pankatsala kachithunzi kotuwa ka mzere wanga, ndipo ndinkadabwa kuchuluka kwa mapiri amene ndinaphwasula. M'madera ena munali madanga okhaokha.

Chombo chinapita ndipo chinabwerako mu Meyi, penti yake ili bwinobwino. Wandevu anandipatsa matepi atsopano, kenako ali pakhomo anati, "Kunali mapiri." Basi. Adokotala analembera makalata anthu onse amene anawatsutsa kumsonkhano kuja, kuwauza kuti otsutsawo ndi amene ankalondola. Mapu aja anawachotsa pakhoma, panatsala timabowo tinayi. Chilimwe chonse moni wawo unali wa mutu wokha.

Juni anafika ndili pakati pa mipukutu ya chaka chachiwiri. Tsiku lomaliza la chilolezo changa linali lotentha, la chinyezi chija cha kuno chimene chimamata malaya kumsana. Ndinayembekezera kuti ndimva chinachake, kapena kuti wina andigwira paphewa mu sitima. Palibe chinachitika. Mawa lake ndinakweranso basi yomweyo, kungoti tsopano ndinkakhala mpando wa pakati, osayang'ana wapolisi kumaso, ndipo ndikawoloka msewu ndinkadikira nyali ngakhale kulibe galimoto. Amdala ankati ndasanduka nzika yabwino kuposa eni dziko. Kumudzi ndinalemba kuti ntchito yachuluka ndipo chaka chino sindibwera. Chiganizo chimenechi chinali choona mbali zonse ziwiri, ndipo ndinachigwiritsa ntchito zaka zingapo zotsatira.

Mpukutu womaliza ndinaumaliza mu Okutobala. Adokotala anasankha mipukutu isanu mwachisawawa n'kuiyeza okha ndi rula yanga, ine nditaimirira. Zinawatengera masana onse. Atatha anatsegula dirowa, n'kutulutsa kalata ija, n'kuiwerenganso chamumtima kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anasaina, n'kuiika m'manja mwanga osati pa desiki.

"Ndachedwa," anatero.

"Ndinachedwa ndine."

"Inde."

Ndinapita nayo kwa loya tsiku lomwelo, ndikuigwira ndi manja awiri mu sitima kuti isapindike. Ndinakwera masitepe a pamwamba pa shopu yochapira ija, nthunzi ya sopo ikutuluka m'ming'alu. Loyayo anaiwerenga n'kunena kuti ndi kalata yabwino kwambiri, ndipo ikanafika mu Malichi bwenzi tikukamba zina. Tsopano, anatero, popeza nthawi inadutsa, tilowa pa mzere wina, wautali. Tidzaperekabe mapepala. Pakadali pano ndisatuluke m'dziko chifukwa sindidzaloledwa kubwerera, ndisasiye ntchito, ndisathamangitse galimoto, ndisamenyane ndi munthu.

"Mpaka liti?" ndinafunsa.

Anayang'ana mu fayilo yanga, n'kutembenuza masamba awiri atatu.

"Muli ndi zaka zingati?"

Ndinamuuza.

"Ndiye palibe vuto, nthawi yodikira muli nayo," anatero, n'kuitana wotsatira.